Sitima ya Batavia inasochera katatu

Akonzi,

Ndiloleni ndikambepo za sitima yapamadzi ya Batavia, imene inasweka pa 4 Juni 1629 kufupi ndi gombe lakumadzulo kwa Australia. Mu 2029 padzakhala patatha zaka 400 chichitikireni ngoziyi, ndipo nkhani yake idzamvekanso. Anthu akamaikamba amathamangira kwa Jeronimus Cornelisz, amene anatsogolera kupha anzake opulumuka pangoziyi, ndi nkhanza zake, ngati kuti zonse zinayambira ndi kuthera mumtima mwa munthu mmodzi. Kuipa kwake sindikukana ayi. Koma chimene chinamupatsa mpata ndi vuto lina limene ambiri amalidumpha: anthu a nthawiyo analibe njira yodziwira bwinobwino pamene ali panyanja. Batavia inasochera ikuyenda, inasowa pamene opulumutsa ankaifuna, kenaka inasowanso zaka 334 chifukwa dzina lake linalembedwa pamalo olakwika pa mapu.

Inali sitima yatsopano ya kampani ya Adatchi ya VOC, yomwe inkagula zokometsera zakudya ku Asia. Inakhomedwa ku Amsterdam mu 1628 ndipo inanyamuka ku Texel kumapeto kwa Okutobala chaka chomwecho, ulendo wake woyamba, kupita ku mzinda wa Batavia pachilumba cha Java, umene lero ndi Jakarta. Munali anthu oposa 300, amalinyero, asilikali, amalonda, amayi ndi ana, komanso mabokosi 12 a ndalama zasiliva. Utsogoleri wa sitima za VOC unali wa mitu iwiri. Mkulu wa zonse anali wamalonda wamkulu, Francisco Pelsaert, amene sanali munthu wa panyanja. Woyendetsa, Ariaen Jacobsz, nyanja ankaidziwa, koma lamulo linkati azimvera wamalondayo. Awiriwa anali atayambana kale ku India, ndipo chidani chinakula Pelsaert atadzudzula Jacobsz chifukwa cha kuledzera ndi ndewu pamene anaima ku Cape, kunsonga ya kum'mwera kwa Africa. Cornelisz, wachiwiri kwa Pelsaert pa zamalonda, anali wogulitsa mankhwala wa ku Haarlem amene bizinesi yake inali itagwa.

Njira imene ankadutsa ndiyo ikufunika kuimvetsa. Mu 1611 Hendrik Brouwer anasonyeza kuti sitima ikachoka ku Cape n'kulowera kum'mwera pang'ono, imapeza mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo imene imaikankha molunjika kum'mawa, ndipo ulendo wa ku Java umafupika ndi miyezi ingapo. Kampani inalamula kuti sitima zake ziziyenda mtunda wa mamailosi a Chidatchi 1,000 kum'mawa, omwe ndi makilomita oposa 7,000, kenaka zikhotere kumpoto. Vuto linali kudziwa tsiku lokhota. Latitude, kutanthauza kutalika kwa malo kuchokera ku equator, ankaipeza poyeza kukwera kwa dzuwa masana. Longitude, yomwe imauza munthu mtunda umene wayenda kum'mawa kapena kumadzulo, imafuna wotchi yosunga nthawi ya kumene wachokera. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye wotchi ikalakwa ndi mphindi 4 zokha, walakwitsa ndi digiri yathunthu, ndipo m'dera limenelo digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 98. Wotchi yopirira kugwedezeka ndi chinyezi cha panyanja inadzapezeka cha m'ma 1760, ntchito ya John Harrison.

Choncho Jacobsz ankangowerengera. Ankatenga kumene kampasi ikuloza, kuyerekeza liwiro la sitima, kuwerenga maola ndi galasi la mchenga, n'kuwonkhetsa tsiku ndi tsiku. Kukoka kwa madzi oyenda pansi pa sitima sikunkaoneka m'chiwerengero chimenechi. Kulakwitsa ndi magawo 5 okha pa 100 aliwonse pa mtunda wa makilomita 7,000 ndiye kuti waphonya ndi makilomita 350. Amene wachedwa kukhota amakumana ndi zilumba za Houtman Abrolhos, zimene Frederick de Houtman anaziona mu 1619: tizilumba toposa 100, tosakwera kwenikweni pamwamba pa madzi, tozunguliridwa ndi matanthwe a korali, makilomita pafupifupi 60 kuchokera kumtunda. Batavia si yokhayo imene inagwa m'mbuna imeneyi. Gombe lomwelo linameza sitima zina za Adatchi: Vergulde Draeck mu 1656, Zuytdorp mu 1712 ndi Zeewijk mu 1727.

Usiku wa ngoziyo sitima inkathamanga matanga ali otambasula, chifukwa woyendetsa ankakhulupirira kuti mtunda udakali kutali. Thovu loyera linaoneka kutsogolo, koma analiyesa kuwala kwa mwezi pamadzi. Kutatsala maola ochepa kuti kuche, sitima inagunda thanthwe limene lero limatchedwa Morning Reef, chiwongolero n'kuthyoka. Zimene anachita pambuyo pake zinali zoyenera malinga ndi nzeru za pantchitoyo, koma palibe chinagwira. Anataya mizinga m'madzi kuti sitima ipepuke. Ankayembekeza kuti madzi akakwera adzainyamula, osadziwa kuti anagunda madzi ali okwera kale, moti atayamba kuphwa sitima inangokhazikika pathanthwepo. Mlongoti waukulu unkasinja pansi pa sitima nthawi iliyonse funde likamenya, ndiye anaudula, koma m'malo mogwera m'nyanja unagwera pa sitima pomwepo n'kukodwa m'zingwe. Anthu pafupifupi 40 anamira. Otsalawo ambiri anawatsitsira pa kachilumba ka zibuma za korali, kopanda mtengo kapena chitsime, kamene anakatcha Manda a Batavia. Lero ndi Beacon Island.

Apa ndi pamene ndimamuimba mlandu Pelsaert. Kupita kukafuna madzi kunali koyenera, pakuti migolo imene anapulumutsa inali yochepa ndipo anthu ena anafa ndi ludzu mvula isanagwe. Cholakwa n'chakuti m'boti lalikulu, la mamita pafupifupi 9, munakwera mkulu wa sitima, woyendetsa ndi amalinyero odziwa ntchito, onse pamodzi, anthu 48. Pachilumba sipanatsale boti lodalirika, ndipo sipanatsale mtsogoleri woikidwa poyera. Atalephera kupeza madzi okwanira pagombe la Australia, anangolunjika ku Java. Ulendowo unali wa makilomita pafupifupi 3,000 m'boti losafolera, ndipo anafika pa 7 Julayi onse ali moyo. Luso la Jacobsz pamenepa n'losakayikitsa. Koma kwa otsala aja zinaoneka ngati awathawa, n'chifukwa chake kachilumba kamene akuluakuluwo anagonapo asananyamuke anakatcha Chilumba cha Achiwembu.

Cornelisz anatsala m'sitima yoswekayo masiku angapo, ndipo itaphwasuka anafika pachilumba atakakamira chidutswa cha mlongoti. Pokhala wamkulu pa udindo mwa otsalawo, anamulandira ngati mtsogoleri. Sanalande ulamuliro ndi lupanga. Anaupatsidwa ndi malamulo a kampani. Zimene anachita nawo zinali za dongosolo loopsa. Anasonkhanitsa malupanga ndi mfuti zonse m'manja mwa anthu ake. Anaika chakudya, vinyo ndi madzi pansi pa ulamuliro wake. Anachotsa mamembala a bungwe loweruza milandu n'kuikamo anzake. Kenaka anagawa anthu: gulu lina ku chilumba chimene ankachitcha cha Akatumbu, lero Long Island, gulu lina ku Chilumba cha Achiwembu, powalonjeza madzi amene sanawatumizire. Cholinga chake chinali kuchepetsa pakamwa podya, kuchotsa amene angamutsutse, n'kudzalanda sitima yobwera kudzawapulumutsa kuti iye ndi anzake akakhale achifwamba a panyanja.

Amene iye ankawaopa kwambiri anali asilikali. Anatumiza Wiebbe Hayes, msilikali wamba, ndi anzake pafupifupi 20 ku zilumba ziwiri zazikulupo zimene zinkaoneka chapatali, opanda zida, akuti akafune madzi ndipo akawapeza afukize utsi. Anthu a Cornelisz anali atapitako kale n'kubwerako ndi mawu akuti kulibe madzi, ndiye iye ankaganiza kuti wawatumiza kukafa. Pamenepa nayenso analakwitsa malo. Zilumba zimenezi, East Wallabi ndi West Wallabi, si za korali wokhawokha ngati zinzake. Pansi pake pali mwala wa laimu, umene umasunga madzi a mvula m'maenje ndi m'ming'alu. Patapita milungu pafupifupi itatu, asilikali aja anapeza madzi abwino. Anapezanso mbalame, mazira, nsomba, ndi tinyama todumpha totchedwa tammar wallaby. Amene anatayidwa ndiwo ankadya bwino kuposa amene anawataya.

Utsi utaoneka, anthu a pa Chilumba cha Achiwembu anakwera ziphaka zawo kulowera kumeneko, ndipo anyamata a Cornelisz anawadulira njira n'kuwapha. Kuyambira pamenepo kupha kunasiya kubisika. Poyamba ankanamizira munthu kuba kuti chilango chioneke cha lamulo, kapena kumutenga usiku n'kumumiza. Kenaka anayamba ndi odwala, n'kufika pa amayi ndi ana. Pa 21 Julayi anaitana mbusa Gijsbert Bastiaensz ndi mwana wake wamkazi Judith ku chakudya, kwinaku anyamata ake akupha mkazi wa mbusayo ndi ana ake asanu ndi mmodzi m'tenti yawo. Amayi amene anawasiya amoyo anawagwirira, kuphatikizapo Lucretia Jans amene Cornelisz anadzitengera. Njira yake yomangira anthu inali kuwasainitsa malumbiro ndi kukakamiza wokayika aliyense kuti aphe, kuti asadzathenso kukhala mboni yoyera. Ophedwa onse anali pafupifupi 125. Onani chiwerengerocho: nyanja inatenga 40, anthu anzawo anatenga kuwirikiza katatu.

Othawa amene anafika kwa Hayes anamuuza zonse, gulu lake n'kukula kupitirira 40. Anapanga mikondo ndi matabwa okhomamo misomali ya m'zidutswa za sitima zimene madzi anakokolola, anaunjika miyala yogenda, ndipo anamanga timipanda ta miyala timene tidakalipo mpaka lero, tomwe ndi zomanga zakale kwambiri za Azungu ku Australia. Owukira ankayenera kuwoloka madzi osaya ali poonekera, ndiye ankabwezedwa. Pa 2 Sepitembala Cornelisz anapita yekha ndi anthu ochepa atanyamula nsalu ndi vinyo, akuti akambirane za mtendere, kumbali akunyengerera asilikali ena ndi ndalama. Hayes anamugwira n'kumumanga, ndipo akuluakulu anayi a Cornelisz anaphedwa pomwepo. Otsalawo anasankha Wouter Loos kukhala mtsogoleri.

Nanga opulumutsa anali kuti nthawi yonseyi? Bwanamkubwa wa VOC ku mzinda wa Batavia, Jan Pieterszoon Coen, anapatsa Pelsaert sitima yaing'ono ya Sardam patangotha sabata imodzi chifikireni, ndipo inanyamuka pa 15 Julayi. Boti losafolera linayenda ulendowo mwezi umodzi. Sardam inatenga miyezi iwiri. Mphepo inali yotsutsana nayo, komanso latitude ya malo a ngozi imene anali nayo inali yophonya pang'ono, ndipo longitude analibe n'komwe. Anatha milungu akuzungulira pakati pa matanthwe, akuopa kugundanso, akufuna tizilumba timene sitioneka munthu akakhala patali makilomita ochepa chabe. Anafika pa 17 Sepitembala, nkhondo ili mkati, gulu la Loos litayamba kupambana chifukwa cha mfuti. Maboti awiri anathamangira Sardam. Hayes ndiye anayamba kukumana ndi Pelsaert n'kumuchenjeza, moti owukira atafika anapeza mizinga itawalozera, n'kugonja.

Milandu inazengedwa pazilumba pomwepo. Lamulo la Adatchi linkafuna kuti munthu avomere yekha mlandu asanaphedwe, ndiye ankagwiritsa ntchito chizunzo cha madzi: kumanga nsalu m'khosi mozungulira nkhope n'kumathiramo madzi mpaka munthuyo azimwa kuti apume. Owerenga asamale pano. Za kuphana pazilumba mboni zinali zambiri ndipo zimagwirizana. Koma nkhani yakuti Jacobsz anapangana ndi Cornelisz kulanda sitima ngozi isanachitike inachokera makamaka m'mawu otuluka pa chizunzo, olembedwa ndi Pelsaert, mdani wake, amene nayenso ankafunika kudziyeretsa pamaso pa kampani. Jacobsz anatsekeredwa ku Batavia ndipo sanavomere mlanduwo. Pa 2 Okutobala Cornelisz anadulidwa manja onse awiri n'kupachikidwa pa Long Island pamodzi ndi anzake asanu ndi mmodzi. Loos ndi mnyamata Jan Pelgrom anasiyidwa pagombe la Australia pa 16 Novembala, ndipo sanaonekenso. Akatswiri omira m'madzi, ena a ku Gujarat ku India, anavuula mabokosi 10 mwa 12 aja. Sardam inafika ku Batavia pa 5 Disembala. Hayes anakwezedwa udindo. Pelsaert anamwalira chaka chotsatira, mu 1630.

Kusochera kwachitatu kunayamba mu 1840. Sitima ya Angerezi ya HMS Beagle inkajambula mapu a zilumbazi, ndipo John Lort Stokes ndi anzake anaona matabwa a sitima yakale kum'mwera kwenikweni. Anaganiza kuti ndi Batavia, n'kutcha malowo Pelsaert Group ndi Batavia Road. Zilumbazi zili m'magulu atatu: Wallabi kumpoto, Easter pakati, Pelsaert kum'mwera. Dzina likangolowa pa mapu a boma, ndani angalitsutse? Okumba manyowa a mbalame atapeza mabotolo ndi ziwiya za Chidatchi kum'mwera komweko cha m'ma 1890, anthu anati umboni uja ndi uwu, chonsecho zinali za anthu a Zeewijk amene anakhala kumeneko mu 1727. Kwa zaka zoposa 100 ofufuza ankayang'ana makilomita pafupifupi 50 kum'mwera kwa malo enieni.

Amene anamasula mfundoyi ndi mayi Henrietta Drake-Brockman, wolemba wa ku Western Australia, amene m'zaka za m'ma 1950 anasiya mapu n'kubwerera ku zolemba za Pelsaert mwiniwake. Pelsaert analemba za zilumba ziwiri zokwera, za madzi abwino, ndi za tinyama timene anatiyerekeza ndi amphaka, toyenda ndi miyendo yakumbuyo ndi kusunga ana m'thumba la pamimba. Ku Abrolhos konse, tinyama timeneti tinkapezeka mwachilengedwe pa East Wallabi ndi West Wallabi pokha. Ndiye ngozi inachitikira kumpoto. Asodzi a nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja, amene ankakhala pa Beacon Island nyengo ya usodzi, nawonso anali ndi zawo zimene ankadziwa: mu 1960 mmodzi wa iwo anafukula mafupa a munthu akukumba pachilumbapo, ndipo wina, Dave Johnson, anali ataona mizinga ndi anangula pansi pa madzi potchera misampha yake. Iyeyu ndiye analondolera Max Cramer ndi anzake pamalopo, ndipo analowa pansi pa madzi n'kuipeza Batavia pa 4 Juni 1963, tsiku lenileni limene sitimayo inasweka. Inali pa madzi akuya mamita 4 mpaka 6 basi.

Kupeza sitima yotere n'chiyambi cha kuwonongeka kwake ngati palibe lamulo. Chaka chomwecho cha 1963 kunapezekanso Vergulde Draeck, ndipo osaka chuma anaiphulitsa ndi mabomba kuti atole siliva. Western Australia inakhazikitsa lamulo loteteza sitima zakale mu 1964. Mu 1972 dziko la Netherlands, monga wolowa m'malo mwa VOC, linapereka ufulu wake pa sitimazi kwa Australia, ndipo mu 1976 boma la dziko lonse linakhazikitsa Historic Shipwrecks Act.

Akatswiri a Western Australian Museum, motsogozedwa ndi Jeremy Green, anafukula malowa pakati pa 1972 ndi 1976. Ntchito inali yovuta chifukwa mafunde amaswekera pomwepo, moti masiku ambiri sankatha kumira n'komwe. Mbali imene inapulumuka ndi yakumbuyo chakumanzere, chifukwa inakwiririka ndi katundu wolemera ndi korali, kumene nyongolotsi zoboola matabwa sizinafike. Thabwa lililonse ankaliika nambala ndi kulijambula lili pamalo pake asanalisunthe, pakuti likangochoka popanda chizindikiro palibe angadziwe pamene linalumikizana ndi linzake. Akalivuula sankalilola kuuma ngakhale pang'ono. Thabwa limene lakhala m'nyanja zaka mazana limaoneka lolimba, koma mkati mwake mbali yaikulu inadyeka ndipo chimene chalikhutitsa ndi madzi. Likauma mwachisawawa limafwaphira, kupindika ndi kung'ambika, ndipo silibwereranso. Choncho amayamba aliviika m'madzi opanda mchere, kusinthasintha madziwo mpaka mchere utatha, kenaka amaliika m'thanki ya polyethylene glycol, mankhwala onga phula osungunuka m'madzi, n'kumawonjezera mphamvu yake pang'onopang'ono kwa zaka kuti alowe m'malo mwa madzi aja. Akafulumira kuwonjezera, mankhwalawo amakoka madzi kunja asanalowe mkati, thabwa n'kufota. Pomaliza amaliumitsa pang'onopang'ono m'chipinda choyezedwa chinyezi.

Chitsulo chili ndi matenda ake. Mzinga wachitsulo umatuluka utakutidwa ndi chigoba cha dzimbiri, mchenga ndi korali, ndipo mchere umakhala utalowerera mkati. Ukangokhudzana ndi mpweya dzimbiri limayambira mkatimo, mzinga n'kusweka ngati dothi. Amauviika m'madzi a caustic soda n'kudutsitsamo magetsi ofooka kwa miyezi kapena zaka mpaka mchere utatuluka. Vuto losatha lili m'matabwa momwemo: dzimbiri la misomali ndi sulfure wa m'matope a m'nyanja zinalowa mu mtengo, ndipo zikakumana ndi mpweya wachinyezi zimapanga asidi amene amadya thabwa. Sitima ya Vasa ya ku Stockholm ili ndi vuto lomweli. N'chifukwa chake chinyezi cha m'chipinda chimene mbali ya Batavia yaimikidwa, ku WA Shipwrecks Museum ku Fremantle, amachiyang'anira usana ndi usiku.

Matabwawa anaulula mmene Adatchi ankakhomera sitima za ulendo wautali: mizere iwiri ya matabwa a thundu, kunja kwake mzere wachitatu wa paini, pakati pali ubweya wa mbuzi ndi phula, ndipo painiyo atamukhomerera misomali yambirimbiri kuti dzimbiri lake litchinge nyongolotsi. Anavuulanso miyala yosema 137, yolemera matani pafupifupi 37, imene ataisanja inapanga chipata chachikulu chomwe chinkapita kukamangidwa ku Batavia. Lero chili ku Museum of Geraldton. Pa Beacon Island manda akhala akufukulidwa mpaka zaka zaposachedwapa. Zigaza zina zili ndi mabala a lupanga, koma mitembo ina inaikidwa mwaulemu ndipo ilibe chipsera. Apa wofufuza wanzeru sathamangira kugamula, chifukwa ludzu silisiya chizindikiro pa fupa, koma kumizidwanso sikusiya. Pakati pa zovuulidwa panali ma astrolabe, zida zoyezera dzuwa zija: chida cha latitude chinalipo m'sitimamo, cha longitude kunalibe.

Ku Lelystad ku Netherlands kuli sitima yofanizira Batavia, imene Willem Vos ndi ophunzira ake anaikhoma kuyambira 1985 mpaka 1995. Koma amene angatsegule mapu lero kufuna malo a ngoziyi asatsate dzina la Pelsaert. Dzinalo lidakali pa gulu la zilumba za kum'mwera, kumene Stokes analisiya. Ayang'ane kumpoto, ku Wallabi Group, kum'mwera pang'ono kwa Beacon Island.

Ine wanu,
Wowerenga